Makalata akupita koma foni ili zii: kufufuza chimene chikukulepheretsani kuitanidwa ku intavyu ya ntchito zaluso

Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri kwa achinyamata amene anaphunzira zamagetsi, zamakompyuta ndi zokonza makina kuno ku Kasungu ndi lakuti makalata ofunsira ntchito akutumiza mwezi ndi mwezi, mapepala a kusukulu ali nawo, ntchitoyo amaidziwa, koma foni yowaitanira ku intavyu siilira. Ambiri akafika pamenepa amangoti ntchito za masiku ano n'zodziwana, ndipo sindingawatsutse kotheratu, chifukwa kukondera kulipo ndithu ndipo tonse tinakuonapo. Komabe, nditakhala kangapo pa gulu losankha mayina a oti aitanidwe m'bungwe lina limene ndinkagwirako ntchito pa boma pano, ndinaona kuti makalata ochuluka amafa imfa ina, imene eni ake akanatha kuipewa, ndipo amafa asanafike n'komwe m'manja mwa munthu amene angakondere.

Mmisiri wa magetsi akamuitana kunyumba imene babu lake silikuyaka sathamangira kukwera kudenga. Amayamba wafunsa ngati kwa aneba kukuyaka, kenaka amaona mayunitsi mu mita, amayesa bureka, amatsegula switchi, mpaka atapeza pamene moto wathera. Kalata yofunsira ntchito nayo ili ndi njira yake, ndipo ikhoza kuthera pa malo anayi. Mwina sinafike kapena sinatseguke, mwina inatseguka koma sinafanane ndi zimene analengeza, mwina inafanana nazo koma sinasonyeze kuti ntchitoyo munaigwirapo ndi manja anu, mwinanso anakusankhani koma atakufunani sanakupezeni. Kulemba CV yatsopano mwezi uliwonse musanadziwe pamene pali vuto n'chimodzimodzi ndi kumangosintha mababu pomwe waya anaduka panja.

Choncho musanasinthe kalikonse, tengani kope mulembemo makalata 10 kapena 15 amene munatumiza komaliza. Pa kalata iliyonse lembani dzina la ntchitoyo, kumene munaona chilengezo chake, tsiku lotsekera, tsiku limene munatumiza, njira imene munatumizira, maphunziro ndi zaka zogwira ntchito zimene ankafuna, ndi yankho limene munalandira, ngakhale litakhala lija longobwera lokha lonena kuti kalata yanu yafika. Ngati zilengezozo simunasunge, yambani lero kumajambula chilichonse ndi foni musanatumize kalata, chifukwa popanda chilengezo palibe chimene mungayerekezere nacho CV yanu. Kopeli likadzaza tsamba limodzi, nthawi zambiri vuto limayamba kuonekera lokha. Mukapeza kuti mwa ntchito 15 zija, 12 zinkafuna digiri ndi zaka zisanu pomwe inu muli ndi dipuloma ndi chaka chimodzi, ndiye kuti CV ilibe mlandu, koma mukugogoda pa zitseko zimene panopa si zanu, ndipo chofunika n'kutsikira ku ntchito za Technician ndi Assistant. Zimene zikutsatirazi n'za munthu amene zofunikazo ali nazo koma sakuitanidwabe.

Ngati kalata sinafike kapena sinatseguke

Vuto ili anthu amalipeputsa, chonsecho mwini kalata sadziwa n'komwe kuti lamuchitikira. Zilengezo zambiri zimanena kuti pa mutu wa imelo palembedwe dzina la ntchito kapena nambala yake, ndipo chifukwa chake n'chakuti wolandirayo amasefa maimelo ndi mawu omwewo. Imelo yopanda mutu, kapena yongopereka moni, imatsalira m'gulu la zina zonse ndipo palibe amene amakaifunafuna. Chinanso chimene ndinachiona kambirimbiri ndi munthu kujambula masatifiketi ake ndi foni, lililonse palokha, n'kutumiza mulu wa zithunzi za mayina a manambala okhaokha, china chozondoka, china chikuonetsa chala cha wojambula. Wosankha amene maimelo amudzadzira sangatsegule zonsezo. Chimene akufuna ndi fayilo imodzi ya PDF, yoyamba ndi kalata, kenaka CV, kenaka masatifiketi, ndipo dzina la fayiloyo likhale dzina lanu ndi la ntchitoyo, pokhapokha ngati chilengezo chanena zina. Gmail imalola kutumiza mpaka 25 MB, koma zimenezo sizitanthauza kuti imelo ya bungwe limene mukulilembera ilandira fayilo yaikulu chotero, ndipo masamba ambiri ofunsirapo ntchito amaika malire otsika kwambiri kuposa pamenepo. Chepetsani fayiloyo ifike pa 2 MB kapena kucheperapo, malinga ngati zolemba zikuwerengekabe. Ngati mwaika linki ya Google Drive, itseguleni pa foni ya mnzanu muone ngati ikutseguka, chifukwa linki yopempha chilolezo wosankha amangoidumpha.

Mabungwe akuluakulu, makamaka a kunja ndi makampani amene amalandira makalata kudzera pa masamba awo a intaneti, amagwiritsa ntchito mapulogalamu amene amayamba awerenga CV munthu asanaione, n'kutolamo dzina, maphunziro, malo amene munagwirako ndi maluso, kuti wosankha azifufuza anthu ndi mawu. Pulogalamu yotere imawerenga zilembo, ndipo CV zambiri za kwathu kuno zimagwera pomwepa. Munthu amakalembetsa CV pa sitolo ya fotokope pafupi ndi depoti, amangotenga pepala losindikiza, fayilo n'kuisiya mu kompyuta ya eni sitolo. Tsiku lofuna kutumiza pa imelo amasikana pepala lija, ndipo chimene chimatuluka ndi chithunzi cha CV. Kwa munthu ziwirizi zimaoneka zofanana, koma pulogalamu ina ikhoza kuona tsamba lopanda kanthu. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsegulani PDF yanu mufufuzemo dzina lanu, kapena muyese kukopera mzere umodzi n'kukauika mu uthenga. Zikakanika, dziwani kuti muli ndi chithunzi, ndipo bwererani mukatenge fayilo ya Word, muisunge pa imelo yanu, muzitulutsa PDF kuchokera m'menemo. Pa chifukwa chomwecho, CV zija zogawidwa pakati, zodzaza timabokosi ndi timizere tosonyeza kuti luso lakuti mumalidziwa kufika pakuti, zimasokonekera dongosolo zikamawerengedwa ndi makina, ndipo ineyo sindinaonepo wosankha amene anakopeka ndi kamzere konena kuti munthu amadziwa Excel kufika pa 80 peresenti. Peresenti ya chiyani?

Za tsiku lotsekera sindichulukitsa. Amene amadikira masana a tsiku lomaliza amakumana ndi kuzima kwa magetsi kapena netiweki yokwawa, ndipo kalata ya pa positi yochokera ku Kasungu kupita ku Lilongwe, ngakhale mtunda wake uli pafupifupi makilomita 130 okha, simungaidalire kuti ifika mawa. Ngati akufuna ya pamanja ndipo mwatuma wachibale, muuzeni alembe m'buku la polandirira alendo ndipo akuuzeni amene wailandira.

Ngati inatseguka koma sinafanane ndi chilengezo

Kuti mumvetse gawo ili muyenera kuona mmene kusankhako kumachitikira. Ife tinkakhala atatu kapena anayi m'chipinda, makatoni a maenvulopu ali pansi, aliyense ali ndi pepala la mizere: wa maphunziro, wa zaka zogwira ntchito, wa maluso amene anatchulidwa m'chilengezo, ndi wa laisensi ngati inkafunika. Kalata ikatsegulidwa, diso linkathamanga pa tsamba loyamba kufunafuna pochonga, ndipo ikapanda kupereka pochonga msanga inkapita ku mulu wa okanidwa. Kusefa koyamba kawirikawiri amachita ndi a ofesi yoona za antchito, amene ntchito yanuyo saidziwa. Iwo sangazindikire kuti munthu amene wangolemba kuti amadziwa za makompyuta ndi yemweyo amene angakonze LAN (netiweki yolumikiza makompyuta a mu ofesi), kutsegula maakaunti a Microsoft 365 ndi kuthandiza antchito anzake makina akavuta. Amafuna kuona mawu amene ali pa pepala lawo. Chotero tengani chilengezo ndi cholembera, mudule mzere kunsi kwa chofunika chilichonse, ndipo pa chilichonse mudzifunse kuti pa CV yanu chili pati. Chimene mumachidziwa koma simunachilembe, chilembeni ndi mawu a m'chilengezomo. Chimene simuchidziwa chisiyeni, chifukwa mawu ongokopera amangokufikitsani pa mpando wa intavyu kuti mukachite manyazi pa funso loyamba.

Pamenepa mwaona kale kuti CV imodzi singakwane ntchito zonse. Simukufunika kulemba yatsopano nthawi iliyonse, koma mizere itatu kapena inayi ya pamwamba, imene imanena kuti ndinu mmisiri wa chiyani, pamodzi ndi mndandanda wa maluso, iyenera kusintha malinga ndi amene mukumulembera. Kampani yoika sola ione sola poyamba, esiteti ya fodya ione mapampu, majenereta ndi mamota poyamba, ndipo bungwe la zaumoyo lione mapulogalamu osonkhanitsira ndi kusungira deta monga DHIS2, KoboToolbox ndi Excel poyamba ngati munazigwiritsapo ntchito.

Mapepala a zaluso alembedwe ndi dzina lake lonse, amene anawapereka ndi chaka. Kungolemba kuti muli ndi satifiketi ya zamagetsi n'kudzimana nokha, chifukwa pali Trade Test imene imayambira Grade 3 n'kukathera Grade 1, pali mapepala a TEVETA a magawo osiyanasiyana, palinso a City and Guilds, ndipo wosefa amachonga pokhapokha ataona dzina lofanana ndi la pa chilengezo. Ngati munaphunzira ku Namitete, ku Salima kapena ku Lilongwe Technical College, lembani dzina la kosi ndi gawo limene munafika. Amene anaphunzira ku Polytechnic isanasanduke MUBAS mu 2021 alembe dzina limene lili pa satifiketi yawo, kuti pepala lisasiyane ndi CV. Chilolezo choikira mawaya a magetsi chochokera ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ngati muli nacho, chikhale pa tsamba loyamba, osati kumapeto pafupi ndi zimene mumakonda kuchita mukaweruka. Mapepala a zamakompyuta ndi netiweki monga CCNA, CompTIA A+ ndi Network+ amatha mphamvu pakapita zaka zitatu, ndiye lembani chaka chimene munapambana, ndipo ngati munangophunzira kosi osalemba mayeso ake, nenani kuti ndi kosi. Katswiri wa pa gulu losankha amadziwa kusiyana kwake, ndipo akaona kuti mwabisa amayamba kukayikira zonse.

Zinthu ziwiri zimene anthu a kuno amaiwala kulemba ndi laisensi ya njinga yamoto ndi zilankhulo. Ntchito zambiri za m'mabungwe zimafuna munthu woti azipita yekha ku zipatala ndi masukulu a kumidzi, ndipo munthu wolankhula Chichewa ndi Chitumbuka chomwe, monga ambiri a ku Nkhamenya ndi ku Chisemphere, ali ndi chinthu chimene bungwe logwira ntchito kumpoto kwa bomali kapena ku Mzimba limachifuna.

Ngati mapepala alipo koma umboni wa ntchito palibe

Ambiri akugwera apa, ndipo ndifotokoza ndi nkhani ya mwana wa mlongo wanga wa ku Chamama, amene anaphunzira zamagetsi n'kukhala zaka ziwiri akutumiza makalata osaitanidwa ngakhale kamodzi. Tsiku limene anandibweretsera CV yake, tsamba loyamba lonse linali ndi tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, mpingo, zoti sanakwatire, ndi ndime yonena kuti ndi wolimbikira, woopa Mulungu, wotha kugwira ntchito popanda womuyang'anira. Zonsezi zinali zoona, koma pa makalata onse amene ndawerengapo sindinapeze ndi mmodzi yemwe wolemba kuti ndi waulesi, ndiye mawu amenewa sasiyanitsa munthu ndi mnzake. Pa gawo la ntchito panali miyezi itatu yokha imene anakaphunzirira ntchito pa kampani ina ali pasukulu, kenaka zaka ziwiri zopanda kanthu. Nditamufunsa kuti ankadya chiyani m'zaka zimenezo, anandiuza kuti ankaika sola m'magolosale ndi m'nyumba za aphunzitsi, anakonzanso mawaya a chigayo china, ndipo chaka chilichonse nthawi ya nazale ankaitanidwa pa esiteti ina kukaona pampu yothirira fodya.

"Nanga bwanji zimenezi palibe apa?" ndinamufunsa.

"Atsibweni, amenewo ndi maganyu chabe. Munthu angalembe maganyu pa CV?"

Kuno ku Kasungu makampani olemba amisiri mokhazikika ndi ochepa, ndipo ntchito yeniyeni ya mmisiri wachinyamata ili m'maganyu omwewo. Amene sawalemba amaoneka ngati anangokhala kunyumba, pomwe mnzake wa mumzinda, amene ankangonyamula makwerero pa kampani ina, ali ndi dzina la kampani loti alembe. Tinakhala pansi ndi kope lake la ngongole, limene ankalembamo amene sanamalize kumulipira, pamodzi ndi zithunzi za mu foni ndi mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money, ndipo m'menemo tinapezamo masiku, malo ndi kuchuluka kwa ntchito zimene anagwira. Tinaika mutu umodzi wonena kuti ankagwira payekha ngati mmisiri wa magetsi ndi sola kuyambira chaka chakuti kufika chakuti, ndipo pansi pake mzere uliwonse unkayankha kuti anachita chiyani, kuti, chachikulu bwanji, ndipo zinatha bwanji. CV imalembedwa m'Chingerezi, koma ganizo la mzere woyamba linali lakuti anaika sola ya 24V ya mapanelo anayi, mabatire awiri ndi inverter pa golosale ya pa Chamama, yoyendetsa fuliji ndi magetsi a usiku, ndipo anawerengera yekha kukula kwa mawaya ndi mabatire. Wachiwiri unali wa pampu ija: anapeza kuti mota inkangozima chifukwa cha capacitor yofooka ndi waya woonda pa mtunda wautali, anasintha zonse ziwiri, ndipo pampuyo inamaliza nyengo ya nazale osavutanso.

Katswiri akawerenga mzere wotere amadziwa kuti wolembayo anagwirapo waya, ndiponso amapeza funso loti adzakufunseni, limene yankho lake muli nalo kale. N'chifukwa chakenso simuyenera kuwonjezera ngakhale pang'ono. Mukalemba 24V adzakufunsani chifukwa chimene simunasankhire 12V, ndipo ngati ntchitoyo anagwira ndi mnzanu inu mukumupatsira zida, zimaululika musanamalize chiganizo chachiwiri. Pamene munathandiza lembani kuti munathandiza.

Maganyu amalemera akakhala ndi mboni. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu, kwa mkulu wa chipatala chaching'ono kapena kwa manijala wa esiteti amene munamugwirira ntchito, mumupemphe kalata yaifupi yonena chimene munachita ndi nthawi yake, yokhala ndi chidindo ndi nambala ya foni. Pitani ntchito ikadali yatsopano, chifukwa aphunzitsi akuluakulu amasamutsidwa ndipo wolowa m'malo mwake sakudziwani. Zithunzi nazo muzisankhe. Chithunzi cha bolodi lotsegula, mawaya ake atayalidwa bwino ndi kulembedwa, chimanena zambiri kwa katswiri kuposa chithunzi chanu mutaima pafupi ndi panelo mutakweza chala. Dzina la mwini malo musaliike musanamufunse.

Kwa a zamakompyuta nkhani ndi yomweyo, kungoti umboni wawo umakhala pa intaneti, makamaka pa GitHub, tsamba limene olemba mapulogalamu amaikapo ntchito zawo. Linki ya GitHub yopanda kanthu, kapena yodzaza timapulogalamu tokopera ku maphunziro a pa YouTube, imakuchotserani ulemu kuposa kusaiika n'komwe. Ntchito imodzi yaing'ono koma yeniyeni imaposa zonsezo, kaya ndi kapulogalamu kolembera mabelo a fodya a kalabu ya alimi asanapite ku okushoni ya ku Chinkhoma, kaya fomu ya KoboToolbox yolembera mijigo yowonongeka m'dera lanu, kaya dongosolo la Excel lotsatira fizi pa sukulu ya pulaiveti. Ikhale ndi fayilo ya README yonena vuto limene munkathetsa, zida zimene munagwiritsa ntchito ndi mmene wina angaiyendetsere, komanso zithunzi ziwiri zoonetsa mmene imaonekera. Musanaike poyera chotsanimo mayina enieni a anthu, manambala awo ndi mawu achinsinsi onse, chifukwa wosankha wanzeru akaona manambala a foni a alimi pa GitHub yanu amadziwa kuti zinsinsi za bungwe lake nazo mudzazitaya choncho. A zanetiweki amene sanapeze pogwira akhoza kumanga netiweki ya ofesi mu Packet Tracer, pulogalamu ya Cisco yoyesererapo netiweki, n'kufotokoza mmene anagawira ma VLAN (timagawo ta netiwekiyo) ndi ma IP address, malinga anene poyera kuti ndi yoyeserera.

Kalata ya pamwamba ikhale ya tsamba limodzi, ndipo itchule ntchito ziwiri zimene munagwira zofanana kwambiri ndi imene mukufunsira. Masiku ano ambiri akulembetsa makalata kwa ChatGPT, ndipo wosankha akawerenga asanu otsatizana amaona kuti onse akuyamba mofanana. Kugwiritsa ntchito chida chotere pokonza Chingerezi si kulakwa, koma za golosale ya pa Chamama ndi pampu ya pa esiteti chidacho sichizidziwa, ndipo n'zimenezo zimene zimachititsa kuti kalata ikhale yanu.

Nanga LinkedIn?

Ndinene mosabisa kuti LinkedIn, tsamba la pa intaneti lokumanirapo ofuna ntchito ndi olemba ntchito, sithandiza aliyense mofanana. Wowotcherera zitsulo kapena mmisiri wofuna ntchito pa esiteti amapindula kwambiri ndi mawu a kapitawo amene anamuona akugwira, komanso ndi zithunzi zoikidwa bwino pa WhatsApp Business. Koma amene akufuna ntchito za makompyuta, za deta kapena za uinjiniya ku mabanki, ku makampani a mafoni ndi ku mabungwe a kunja adziwe kuti olemba ntchito amafufuzamo anthu ndi dzina la ntchito, luso ndi malo, ndipo ena akalandira CV amakaona ngati dzinalo lilimo. Mzere wa pansi pa dzina lanu umalola zilembo 220, ndipo ndi umene umaoneka paliponse pamene dzina lanu latulukira. Ambiri amalembapo kuti akufunafuna mwayi wa ntchito, mawu amene palibe wolemba ntchito amene amawafufuza. Lembanipo dzina la ntchito yanu ndi zida zitatu kapena zinayi zimene mumazidziwa bwino, mwachitsanzo Network Technician, MikroTik, Ubiquiti, Windows Server. Mizere ija ya umboni imene mwakonza pa CV ilowenso pansi pa ntchito iliyonse, ndipo zaka ndi miyezi zifanane mbali zonse ziwiri, chifukwa CV ikanena 2021 LinkedIn n'kunena 2022, wosankha saganiza kuti munangoiwala. Chithunzi chikhale cha nkhope yanu nokha pamalo powala, osati chodula pa chithunzi cha ukwati phewa la mnzanu likuonekera.

Nkhani ya malo ndi yovuta kwa ife a kuno. Wolemba ntchito akafufuza anthu a ku Lilongwe, inu amene munalemba Kasungu mukhoza osatulukira. Musaname za kumene mukukhala, koma pa gawo la Open to Work, pamene mumasankha mayina a ntchito ndi malo amene mungakagwire, ikanipo Lilongwe, Mzuzu ndi kwina kumene mungapitedi, ndipo pa CV lembani mzere umodzi wonena kuti ndinu wokonzeka kusamuka. Gawo lomwelo limakulolani kusankha kuti aone ndi olemba ntchito okha, zimene zimathandiza ngati muli kale pa ntchito ndipo simukufuna kuti abwana anu aone chizindikiro chobiriwira pa chithunzi chanu. Nthawi zina Kasungu yomweyo ndi mwayi wanu. Bungwe lofuna munthu wokhala pa boma pano kapena ku Santhe limadziwa kuti wochokera mumzinda akhoza kuthawa miyezi itatu isanathe, ndiye ngati ntchitoyo ndi ya kuno, nenani m'kalata kuti kuno ndi kwanu ndipo misewu yake mumaidziwa ngakhale nthawi ya dzinja.

Ngati anakusankhani koma sanakupezeni

Ndinaonapo dzina la mtsikana amene tonse tinamuika pamwamba likufafanizidwa chifukwa foni yake inali yozima masiku awiri. Mlembi amaimba kawiri kapena katatu nthawi ya ntchito, ikakana amapita pa dzina lotsatira, ndipo mwini wake amakhala akudandaulabe kuti sakuitanidwa. Zifukwa zake n'zodziwika: CV ikadali ndi nambala ya SIM imene inatayika chaka chatha, foni yatha moto magetsi atazima, kumudzi netiweki imagwira pa chulu pokha, kapena munthu sayankha nambala zachilendo poopa angongole. Ikani manambala awiri, ya TNM ndi ya Airtel ngati n'kotheka, ndipo yachiwiriyo ikhoza kukhala ya wachibale wa pa boma amene mwamuuza kuti akalandira foni yotere akupezeni tsiku lomwelo. Imelo muziitsegula tsiku ndi tsiku, kuphatikizapo bokosi la Spam, chifukwa mabungwe ena saimba n'komwe, amangotumiza tsiku ndi linki ya Teams kapena Zoom. Dzina la imeloyo likhale dzina lanu lenileni, la paunyamata lija mulisiyire anzanu.

Anthu okuchitirani umboni akhale amene anaona ntchito ya manja anu, monga mphunzitsi wa kosi yanu, kapitawo wa kumene munakaphunzirira ntchito, kapena mwini malo amene munamuikira sola. Abusa ndi amfumu amanena za khalidwe, ndipo m'modzi wotere si woipa, koma onse atatu akakhala otero palibe woti afunsidwe ngati mumadziwa kugwira multimeter. Auzeni musanaike mayina awo, atumizireni CV ndi chilengezo, ndipo muziyesa manambala awo chaka ndi chaka.

Foni ina imene ingalire n'kukusangalatsani pachabe ndi ya munthu wonena kuti mwasankhidwa koma mutumize ndalama ya fomu, ya yunifomu kapena ya kuchipatala kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money musanafike. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa intavyu. Dulani foniyo, ndipo ngati mukukayikirabe imbani ku ofesi ya bungwelo pa nambala imene mwaipeza nokha.

Mukakonza zonsezi, perekani CV kwa munthu wa ntchito yanu yomweyo aiwerenge mphindi imodzi, kenaka muitenge n'kumufunsa chimene wakumbukira. Akakumbukira mpingo ndi mudzi wanu, tsamba loyamba silinakonzeke. Kope lija lipitirire, ndipo muzilembamo chimene mwasintha pa kalata iliyonse kuti mudzadziwe chimene chinagwira. Ntchito za boma ndi za makhonsolo zimatenga miyezi kuti aitane anthu, choncho masabata atatu akadutsa muli zii musafulumire kuwerenga kuti mwakanidwa.

Mwana wa mlongo wanga uja anaitanidwa ndi kampani ina yoika sola ku Lilongwe pa kalata yachitatu chikonzereni CV. Funso loyamba linali la pampu ija, ndipo akuti anakhalapo nthawi akukambirana za kutsika kwa mphamvu ya magetsi pa waya wautali. Ntchitoyo anapatsa wina amene anali ndi chilolezo cha MERA, chimene iye analibe, ndipo m'kope lake, pansi pa mzere wa kalata imeneyo, analembapo kuti chotsatira n'kukafunsa za mayeso a chilolezocho.